Sipika Imodzi ku Sadzi

Ine mawu ndili nawo. Sindikunena modzitama ayi, funsani aliyense ku Sadzi. Ndikamakambirana ndi akazi anga kuchipinda, a nyumba yachitatu amadziwa zimene tagwirizana. Mawu amenewa ndinawakulitsira kuphiri la Zomba, kumene ndinagwira ntchito yodula mitengo ya paini kuyambira ndili mnyamata. Kumeneko mtengo ukamagwa umayenera kukuwa kuti amene ali kutsidya kwa chigwa, m'nkhungu muja, amve athawe. Wa mawu a mbewa amaphetsa anzake. Ine sindinaphetsepo munthu.

Boma lisanasamukire ku Lilongwe, Zomba ikadali Zomba, tinali ndi bandi. Tinalipo anthu asanu. Sitinkaimba za banjo monga anzathu ambiri, ife tinkaimba roko, nyimbo za magitala amagetsi, zolira ngati macheka akakumana ndi mfundo. Mwini nzeru anali mnzanga wa gitala, kalaliki wa m'maofesi a boma, munthu wochepa thupi, woyankhula ngati akupepesa. Iyeyo ndiye ankapeka nyimbo, zina m'Chinyanja, zina m'Chingerezi, ndipo ndiye ankatsogolera. Ine yanga inali kuvomera, ndi kukuwa nyimbo ikafika potentha. Masiku amenewo tsitsi lalitali linali mlandu, buluku lotambalala kumiyendo nalonso mlandu, ndiye ukali wathu wonse unkatulukira pakhosi panga.

Chimbale tinajambula chimodzi chokha. Anatijambula mzungu wina wa zankhalango amene ankakhala pamwamba pa phiri, anali ndi makina a matepi akuluakulu ozungulira ngati mawilo. Ng'oma tinakwera nazo pa lole ya matabwa. Anzanga anawaika pabalaza, koma ine nditangoyesa kamodzi, mzungu anagwira makutu, galu wake anathawira kumitengo. Anandichotsa pabalazapo n'kukandiimika m'kanjira kopita kubafa, ndi maikolofoni yangayanga. Ine ndinaona ulemu. Ndani winanso anapatsidwa yakeyake? Nkhani imeneyi ndaisimba kambirimbiri, pabawo, pamaliro, m'minibasi, ndipo nthawi zonse ndinkathera pomwepa.

Zimbalezo zinatuluka zochepa. Zina zinasweka, zina dzuwa linazipinda, changa ana anachisandutsa chiwongolero cha galimoto yawaya. Bandi inatha boma litasamuka. Wa ng'oma anatsatira ntchito, wa besi anapita ku Joni osabwerako, wa gitala yachiwiri tinamuika m'manda. Pofika nthawi ya matipate tinatsala awiri, ine ku Sadzi, mnzanga ku Malosa kwawo kwa akazi ake. Mwezi sunkatha osaonana. Pa maliro a mwana wanga woyamba ndiye anakhala pambali panga kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Ndipo ndi iye yekha pansi pano amene ndikati tinali ndi bandi sankaseka. Ana a masiku ano ukawauza amakuyang'ana kuchokera kunsapato, amvekere, “Madala, inuyo? Roko?”

Kenaka mnzangayo anadwala matenda aja oumitsa ziwalo. Dzanja lamanzere linafa, pakamwa panapotoka pang'ono, mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi mwezi wa dzuwa. Umayenera kudikira kuti amalize. Ine kudikira sindinaphunzire, ndinkangomumalizira, iye n'kumagwedeza mutu.

Chaka china kunatulukira mayi wina wophunzitsa zanyimbo ku yunivesite ya ku Chirunga. Anati mzungu uja anamwalira kwawo, ana ake anapeza matepi m'bokosi, ndipo kunjako kuli anthu amene amatolera roko yakale ya kuno kwathu n'kuitulutsanso. Zokambirana zonse zinkachitikira ku Malosa, poti mwini nyimbo ndi mnzangayo. Kwa ine mayiyo anabwera kamodzi, anandifunsa mafunso, anandijambula chithunzi nditavala jekete. Patapita nthawi anabweranso ndi kabokosi, m'kati muli masidi awiri.

“Iyi ndi chimbale chija monga chinatulukira kale,” anatero. “Iyi ndi nyimbo zomwezo, koma akatswiri abwerera ku matepi, atsuka phokoso, aika chilichonse pamalo pake. Amati rimikisi. Mukamvere zonse, abambo, mudzandiuze yomwe yakukomerani.”

Munthu wanzeru akanayamba wamvera yekha m'nyumba. Ine ndinati ayi, zaka zonsezi andiseka, amve onse tsiku limodzi. Ndinaitana anzanga a pabawo, akuluakulu a mpingo, anansi, ngakhale mwini golosale wa kutsidya kwa msewu, Myao woseka mano onse. Akazi anga anafulula thobwa. Loweruka masana mipando inadzaza pabwalo, amayi pamphasa, ana pampanda.

Wailesi ya masidi ndinali nayo, anatumiza mwana wanga kuchokera ku Joni. Inabwera ndi masipika awiri, koma ina inapsa tsiku lina magetsi atabwerera mwaukali, ndipo bokosi lake nkhuku inaliyesa chisa. Sindinadandaule. Masipika awiri ngachiyani? Onse amanena chimodzimodzi, yachiwiri njongowonjezera phokoso, aliyense amadziwa zimenezo. Yotsalayo inkamveka mpaka kumsewu. Ndinaiika pampando, pakhonde, moyang'ana anthu.

Tinayamba ndi yakale. Inayamba ndi kuthetheka kuja, ngati nkhuni zaziwisi pamoto, kenaka ng'oma, kenaka gitala ya mnzanga, kenaka mawu ake ang'onoang'ono aja. Ine ndinaimirira, chala m'mwamba. Itafika potentha ndinatsitsa chala, ndipo ndinalowa. Abale inu, ndinalowa ngati lole yaduka mabuleki pamtsetse wa kuphiri. Sipika inanjenjemera pampando. Gitala inasowa, ng'oma zinasowa, panatsala ine ndekha. Amayi anaimba nthungululu. Mwini golosale anaomba m'manja, amvekere, “Ambuje, ndinudi! Ndi mawu omwe aja mumaitanira sopo muli kwanu!” Mkulu wina wa mpingo anapukusa mutu, akuti, “Ndiye munali wachikunja ndithu.” Ine ndinaseka, misozi ili m'maso. Tinamvera chimbale chonse, nyimbo iliyonse ine ndili m'mwamba mwa onse.

Ndiye ndinayankhula pang'ono. Ndinati zimene mwamvazi n'zakale, za fumbi. Tsopano mumva akatswiri a kunja atanditsuka. Amene ali ndi mtima wofooka asunthire kumbuyo.

Yatsopano inayamba mwaukhondo, yopanda kuthetheka. Ng'oma zinkamveka ngati mwini wake wabwerako wakhala pakhonde pomwepo. Gitala inkawala. Mawu a mnzanga anamveka bwino lomwe, liwu lililonse. Anthu anati eee, koma azungu. Ine chala m'mwamba. Nyimbo inakwera, inakwera, inafika potentha. Ndinatsitsa chala.

Zii.

Gitala inapitirira yokha. Pamalo panga panali dzenje. Ukatchera khutu kwambiri umamva kanthu kutali, ngati munthu akuitana ali pansi pa chitsime cha mudzi wina. Ndinati mwina nyimbo iyi yokha. Tinapita pa yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Chala changa chinali chikadali m'malere, sindinadziwe pochiika.

Mnzanga wina wa pabawo, amene ndimamudya tsiku ndi tsiku, anakhosomola. “Achimwene, paja munati atsuka phokoso eti?”

“Eya.”

“Ndiye atsukadi. Ntchito aigwira.”

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Ngakhale akuluakulu a mpingo anabisa nkhope m'zipewa. Ine ndinachotsa yatsopano, kuika yakale: ndilimo. Kuika yatsopano: mulibe. Ndinapukuta sidi ndi malaya, ndinamenya wailesi, ndinakweza mpaka sipika inayamba kukhosomola. Yakale, ndilimo. Yatsopano, mulibe. Anthu anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, thobwa lisanathe. Mwini golosale pochoka anandigwira phewa, akuti, “Musadandaule ambuje, ife timakumvani tsiku lililonse kwaulere.”

Akazi anga akusonkhanitsa makapu anati, “Abambo, mufunse kaye.”

Ndifunse chiyani? Zinali zoonekeratu. Ndani ankakhala ndi mayi wa ku Chirunga uja masana onse? Ndani ankayankha mafunso a anthu a kunja? Mumtima mwanga munayamba kutuluka zinthu zimene sindinkadziwa kuti ndinasunga. Ndinakumbukira kuti m'maholo mmene tinkaimba anthu ankaombera m'manja ine, osati iye. Ndinakumbukira mmene ankandiyang'anira chammbali ndikakuwa. Ndinati kalaliki uyu wadikira zaka zonsezi, wapeza mpata, wandifufuta ngati mmene ankafufutira anthu m'maofesi mwawo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Malosa osapita n'kutchalitchi komwe. Odi sindinanene. Ndinamupeza pakhonde akuothera dzuwa, ndodo ili pamiyendo, akazi ake akusola nandolo pambali. Nyumba yawo ili pafupi ndi mjigo, ndipo pamjigopo panali amayi ambiri.

Atandiona anamwetulira ndi mbali yamoyo ija. “Achi... mwene.”

“Achimwene ako ndani, iwe?”

Chibadwire sindinamutchulepo iwe. Akazi ake anasiya nandolo.

Zimene ndinanena zonse sindingazilembe. Ndinati ndiwe njiru yoyenda ndi ndodo. Ndinati popanda ine bandi ija ikanakhala kwaya ya maliro. Ndinati wagulitsa mnzako kwa azungu kuti dzina lako lokha liwale. Iye anakweza dzanja lamoyo lija, milomo ikugwedera, akufunafuna liwu. Ndinkaliona liwulo likubwera, likukwawa, koma sindinalidikire, ndinalipondaponda. Mjigo unasiya kulira. Pamsewu njinga zinaima. Ndipo pomaliza ndinanena ichi, ndichilemba chifukwa anthu a ku Malosa akuchikumbukira kale: ndinati Mulungu sanalakwitse pokupotola pakamwa, anangofanizira ndi mtima wako.

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono.

Akazi ake anaimirira, anakutumula chitenje. Sanakweze mawu. “Alamu, tulukani pakhomo panga.”

Ndinaponya sidi yatsopano ija pamapazi pa mnzanga, ndinatuluka chifuwa chili patsogolo. M'minibasi ndinasimbira anthu onse nkhaniyo, ndipo ena anandivomereza kuti anzathu ophunzira ndi choncho.

Pakati pa sabata ndinavala jekete ndi kupita ku Chirunga, kuti mayi uja akauze anthu akewo achotse chithunzi changa pa kabokosi. Ana a sukulu anandilozera ofesi. Ndinayamba kuyankhula ndisanakhale n'komwe, ndipo zitseko za maofesi ena zinayamba kutseguka. Mayi uja anangopinda manja, anandisiya mpaka mpweya unandithera. Nkhope yake sinali yomwetulira. Za ku Malosa anali atazimva kale.

“Mwamaliza, abambo? Kunyumba kwanu masipika alipo angati?”

“Imodzi. Koma ndi yamphamvu kuposa tanu iti.”

Anatseka maso kanthawi. Kenaka anakoka mpando n'kuuika pakati pa chipinda. “Khalani apa. Ayi, musausunthe. Pomwepo.”

Patebulo panali timasipika tiwiri, kena uku, kena uku. Anaika yatsopano ija, poti naye anali ndi yake. Ng'oma zinatulukira pakati, pamene panalibe sipika n'komwe. Gitala inatulukira kumanzere. Nyimbo inakwera, inafika potentha, ndipo kudzanja langa lamanja munthu anakuwa.

Ndinatembenuka. Ndithu ndinatembenuka kuyang'ana kukhomo, kuti walowa ndani. Anali mnyamata, wa mapapo atsopano, mawu ake oyera ngati madzi a kuphiri. Sanali kuphimba aliyense. Anaima mbali yake, gitala mbali yake, akuyankhana. Ndinamva ngakhale mpweya umene ankakoka asanakuwe.

“Yakale ija zonse anathira mumphika umodzi,” anatero mayiyo. “Sipika iliyonse imatulutsa zonse. Yatsopanoyi anagawa, zina uku, zina uku, monga munaimira tsiku lojambula. Inu anakuikani kumanja nokha, chifukwa anati mawu otere ngofunika malo. Sipika imene inapsa kwanu ndi ya kumanja.”

Anazula chingwe cha kasipika ka kumanja. Ndinasowa. Anabwezera. Ndinabwera. Anazulanso.

“Basi, amayi, ndamva.”

“Ndinalakwa ine osakufunsani za masipika,” anatero. “Koma inu simunafunse aliyense.”

Ndinayesa kuima pa mwendo umodzi wotsala. Ndinati komabe, chinthu chimene chimafuna masipika awiri kuti munthu amveke n'chopangidwa mwachinyengo, ife kale tinkamveka paliponse. Ndinati yakale ndiyo yeniyeni. Mawu anga ndinkawamva ndekha kuti alibe msana.

Mayiyo anati, “Chilipo chimodzi chimene anzanu anachotsetsadi. Anandiletsa kukuuzani. Koma ine dzulo ndinali ku Malosa, ndawaona mmene alili, sakudya. Ndiye mumva.”

Anatsegula kompyuta. Anati uwu ndi mzere wa maikolofoni yanu yokha, monga unachokera pa tepi, asanaukhudze. Bandi inkamveka kutali, kuseri kwa khoma. Pafupi panali kupuma kwanga, ndi kukwecha kwa nsapato pasimenti. Ndiye ndinamva kunong'ona. Munthu ankanena mawu a Chingerezi, mzere umodzi, mofulumira, pansipansi. Atangomaliza, ine ndinakuwa mzere womwewo. Kunong'ona, ine kukuwa. Kunong'ona, ine kukuwa. Penapake anati, “Dikirani, dikirani... tsopano.” Ndipo ndinalowa.

Ndinali nditaiwala. Mukhoza kukana, koma ndikunena zoona. Nkhani ukaisimba kambirimbiri mwanjira imodzi, inayo imafota. Nditakhala pampando paja zonse zinabwerera, ndi fungo la sopo wa kubafa kwa mzungu lomwe. Tsiku lija mzungu anandipatsa pepala la mawu a nyimbo kuti ndisaphonye. M'maholo ndinkangokuwa zofanana nazo, palibe ankazindikira, koma pa chimbale ankafuna mawu enieni. Ine sukulu ndinalekera pachiyambi penipeni, zilembo izi ndinadzaphunzira ndili ndi imvi kale. Ndinagwira pepalalo ngati ndikuwerenga, thukuta lili kamukamu. Mnzanga anaona. Anauza mzungu kuti pabalaza sakudzimva bwino, amupatse chingwe chachitali. Gitala inkalirira pabalaza, koma mwini wake anaima nane m'kanjira kaja, phewa ndi phewa, zala zikugwira ntchito yake, pakamwa pali pakhutu langa. Mawu ake otsogolera anadzajambula payekha pambuyo pake. Pa chimbale chakale kunong'onako kunamira mumphika muja, palibe anakumva.

“Anthu a kunja anakukonda kwambiri kunong'onaku,” anatero mayiyo. “Ankafuna kukusiya kuti dziko limve. Anzanu anakana. Mukudziwa mmene amayankhulira. Zinawatengera masana onse kuti andimveketse. Anati munthu uja ali ndi zidzukulu, ndipo amadzimva. Chotsani ine, musiye iye.”

Sindikumbukira mmene ndinatsanzikira. Ndikukumbukira kuti ndisanatuluke ndinapempha kuti andiikirenso nyimbo yoyamba ija, pa masipika onse. Ndinatseka khutu la kumanja ndi chala, ndinamvera kumanzere. Pansi pa kukuwa kwanga, pamene pa chimbale chakale pamangomveka ine, gitala inkachita zinthu. Inkakwera, inkapotoloka, inkalira ngati mwana, inkaseka. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti pamalo pamenepo pali nyimbo. Ndinkayesa pamenepo anzanga ankangodikira kuti ndimalize.

Ndinayenda wapansi kuchokera ku Chirunga mpaka ku Sadzi, jekete lili pamkono. Kunyumba ndinawauza akazi anga za sipika zokha. Anakhala pansi, anagwira tsaya. “Nkhuku yakhala ikuikira mazira m'mawu anu,” anatero, koma sanaseke. Masiku otsatira anansi ankabwera kudzafunsa ngati ndadwala, akuti pakhomo pano pangoti zii ngati mwasamuka. Kubawo sindinapite. Yakale ija, imene ndinkainyadira, ndinayesa kuiika tsiku lina, koma nditangolowa ndinazimitsa. Ndinamva munthu wopondereza anzake.

Akazi anga ndiwo anati, “Mudikira mpaka mukapepese pamanda?” Anagula mbatatesi za kuphiri, anamanga mumpango, tinakwera minibasi tonse.

Tinaima kunja kwa mpanda. Ndinati odi.

“Ndani?” Anali alamu, ali pakhonde pomwepo, akutiona bwinobwino.

“Ndife.”

“Sindikumva. Kapena ndi mphepo?”

Akazi anga analowa, anagwada, anapereka moni ndi mpango uja. Alamu anawalandira bwino, anawayalira mphasa. Ine ndinatsala chiimire pakati pa bwalo, chipewa m'manja. Mnzanga anali pampando wake womwe uja. Anali atachepa. Sanandiyang'ane, ankayang'ana ndodo.

Ndinasendera pafupi, ndinatsitsa mawu. “Achimwene, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa.”

“Iii, alamu,” anatero mayiwo, “mawu aja mwasiya kuti? Mwaiwala m'minibasi? Tsiku lija anakumvani pamjigo, anakumvani kutiyirumu, anakumvani mpaka kusukulu. Ine ndikapita kotunga madzi amayi amasiya nkhani. Akuti mwamuna wanga anadyera mnzake masuku pamutu, n'chifukwa chake anapotoka. Mwano munaunena mokweza. Kupepesa mukufuna kunong'ona?”

Ndinayang'ana akazi anga. Ankayang'ana mphasa.

“Tembenukirani uko,” anatero alamu, akuloza kumjigo. “Anthu ake ndi omwewo, sanasamuke.”

Ndinatembenuka. Mjigo unali utasiya kale kulira. Amayi anaima ndi zidebe, a kabaza anaika phazi pansi, wina anatuluka m'tiyirumu ndi kapu m'manja. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka kamphepo. Ine amene ndinkaimitsa anthu kutsidya kwa chigwa. Ndinayesanso.

“Anthu inu! Ndine uja ndinabwera kudzatukwana pano!”

“Takumbukira!” anayankha mayi wina.

“Ndinanama! Bambo awa sanandichotse m'nyimbo! Mawu anga alimo! Vuto linali kwanga, ndili ndi sipika imodzi, ina inapsa!”

Wa kapu uja anafunsa, “Ndiye mwano wonse uja unali wa sipika?”

“Wa sipika!”

Anaseka, anaseka mpaka wina anatayira madzi. Ndinaima, ndinalandira. Kenaka ndinabweza mawu aja a pakamwa ndi mtima, ndinati wopotoka ndine, ndipo apa sanaseke.

Nditacheuka, alamu anali akundiyang'anabe. Ankadziwa kuti nkhani ili ndi mbali ina, mayi wa ku Chirunga anali atawauza kuti ndinamva zonse. Anangokweza nsidze. Ndinatembenukiranso kumjigo.

“Chinanso! Tsiku lojambula lija, ine pepala...”

Kho! Ndodo inagunda simenti. Kho! Kho!

Mnzanga anali atakweza mutu. Milomo inayamba kugwedera. Liwu linali kutali, linkabwera movutika, ndipo ine ndinkalidziwa, ndikanatha kumumalizira. Ndinaluma lilime. Bwalo lonse linadikira nane.

“Ba... si,” anatero. Anapuma. “Kha... lani pansi. Mu... kuopseza... mbuzi.”

Ndinakhala, pa sitepe ya khonde, pafupi ndi mapazi ake. Ndipo ndinene zoona, poti ndayamba kale: mumtima ndinasangalala kuti wandiletsa. Ndinapuma ngati munthu amene mtengo wamuphonya. Munthu ndinamunyoza pamaso pa mudzi wake, iye n'kundiphimbanso kachiwiri, ine n'kukondwa. Pa zonse zimene ndalemba pano, chimene chimandiwotcha kwambiri ndi chimenecho.

Anandifunsa, pang'onopang'ono, kuti mwa ziwiri zija yandikomera iti. Ndinati yatsopano, achimwene, muli gitala. Anagwedeza mutu. Iye anati yakale. Ndinadikira chifukwa chake, ndipo chinatenga nthawi kufika. Anati m'yakale muja tonse asanu tili pamodzi, sungadziwe pothera wina ndi poyambira mnzake.

Ku Malosa ndimapitabe, ndipo iye amandilandira. Koma alamu chiyambire tsiku lija sananditchulenso alamu. Amati abambo a ku Sadzi. Tiyi amabweretsa, amaika pansi pafupi ndi ine osati m'manja, n'kubwerera m'nyumba. Mnzanga akuti ndiwapatse nthawi. Ine ndimamwa tiyiyo, ndimanena zikomo moyang'ana kukhomo, ndipo m'katimo simuchokera yankho.